Mlendo Amene Adza Kudzaphunzitsa

Makolo athu anatisiyira miyambi iwiri yonena za mlendo. Wina uti, "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka." Winawo uti, "Mlendo adza ndi kalumo kakuthwa." Mwambi woyamba utikumbutsa kuti mlendo sakhalitsa, dzuwa likakwera, iye wapita. Wachiwiri utiuza kuti munthu wochokera kwina akhoza kudziwa chinthu chimene eni mudzi sachidziwa, namasula mfundo imene yawakanika. Miyambi yonse iwiri ndi yoona. Koma alipo mlendo wina amene miyambiyi ilimbana pa iye, ndiye mphunzitsi wa ku dziko lakutali amene adzipereka kudzaphunzitsa ana athu zaka ziwiri, nabwerera kwao.

Anthu a m'mbali mwa nyanja, kuyambira pa boma la Mangochi, kudzera ku Makokola, kufikira ku Monkey Bay ndi kwa Chembe, awadziwa alendo otere. Anawaona akupalasa njinga pa dzuwa, akugula usipa pa doko, akuyesa kupereka moni m'Chiyao ana ali kuseka. Tsono funso lathu ndi ili: kodi munthu wodziwa kuti adzachoka angathe kuchita zabwino zokhalitsa? Ngati angathe, ayenera kuchitanji iyeyo, nanga ife eni mudzi tiyenera kuchitanji? Funsoli si lachabe, pakuti nkhaniyi ikhudza ana athu, ndipo chaka chimene mwana wataya m'kalasi sichibwereranso.

Alendowa Ndani?

Anthu awatcha mavolontiya, ndiko kunena kuti odzipereka. Salandira malipiro onga amene akadalandira kwao. Apatsidwa ndalama yongokwanira chakudya, sopo ndi zina zazing'ono. Ku Britain bungwe lotumiza anthu otere, la VSO, linayamba mu 1958, ndipo analiyambitsa ndi Alec Dickson ndi mkazi wake Mora. Ku America, Pulezidenti John F. Kennedy anakhazikitsa Peace Corps mu 1961, ndipo aphunzitsi ake oyamba anafika kuno mu 1963, dziko lathu likutchedwabe Nyasaland. A ku Japan anayamba bungwe lao mu 1965, nafika ku Malawi mu 1971.

Chimene anadzera nchodziwika. Sukulu za sekondale zinachedwa m'dziko muno. Ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1940, ya ku Zomba mu 1942, ya ku Dedza mu 1951. Pamene tinalandira ufulu mu 1964, boma linafuna sukulu zambiri msanga, koma ana a dziko lino okhoza kuphunzitsa ku sekondale anali owerengeka, pakuti Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965. Munda unakula, makasu anachepa. Chotero alendo analowa m'makalasi kuphunzitsa Chingerezi, masamu ndi sayansi.

Moyo Wake wa Tsiku ndi Tsiku

Tisanamweruze mlendoyu, tiyeni tione umo akhalira. Mwambo wa a Peace Corps, mwa chitsanzo, wakhala wakuti munthu ayambe ndi miyezi ngati itatu ya kuphunzira, akugona m'nyumba ya banja la m'mudzi. M'menemo munthu wophunzira kwambiri asanduka mwana. Mayi wa pakhomopo amphunzitsa kukoleza moto, kutunga madzi pa mjigo, kuvundula nsima ndi mthiko, ndi kulandira chinthu ndi manja awiri. Atatha izi amtumiza ku sukulu kumene adzakhala zaka ziwiri.

Kuno kunyanja adzuka kusanache, pamene asodzi amene anachezera pa madzi ndi nyali ali kukocheza. Asesa, atereka madzi pa mbaula, nanyamula mabuku ake. M'kalasi apeza ana ochuluka ndi mabuku ochepa. Zida zake zenizeni ndi choko ndi bolodi. Mwezi wa Okutobala malata a denga atentha, kotero kuti dzuwa lisanafike pamutu ana ayamba kuodzera. Iye alankhula Chingerezi cha kwao, chothamanga, ana nangomyang'ana. Pakuti kunyumba kwao alankhula Chiyao kapena Chinyanja, ndipo kwa ambiri Chingerezi ndi chiyankhulo chachitatu.

Posachedwa azindikira kuti malo opanda munthu m'kalasi ali ndi chifukwa chake. Mnyamata uyu sanadze chifukwa usiku anali pa bwato, ndipo usipa unagwidwa wambiri. Kwa iye ndalama ya lero imveka bwino koposa setifiketi ya zaka zinayi mtsogolo. Mtsikana uja sanadze chifukwa ali kulera mng'ono wake, kapena chifukwa kwao kwafika ofunsira ukwati. Wina aweruka mofulumira kuti akafike ku madrasa. Mwezi wa Ramadhani ana ambiri asala kudya usana wonse, ndipo mphunzitsi wanzeru aika phunziro lovuta m'mawa. Zonsezi sizilembedwa m'buku lirilonse limene anadza nalo.

Madzulo achonga ntchito za ana, nalowa m'neti kuopa udzudzu. Nthawi imeneyi ndiyo imene kusungulumwa kumgwira. Abale ake ali kutali. Nthabwala za anansi sazimva. Akatuluka ana amtsata. Akatseka chitseko anthu ati ngwonyada. Munthu amene wasiya kwao ndi kulola zonsezi chifukwa cha ana a eni ake sayenera kunyozedwa. Komatu kuvutika kwa munthu sikutanthauza kuti wathandiza. Munthu akhoza kutuluka thukuta tsiku lonse akulima pa thanthwe.

Zimene Anena Okayika

Alipo akulu amene akayika za alendowa, ndipo mau ao tiwamve bwino.

Choyamba ati nthawi yao njochepa. Chaka choyamba mlendo aphunzira njira, chaka chachiwiri ayamba kuphunzitsa bwino, chachitatu palibe. Mwana amene anazolowera mau ake ali mu Fomu 2 afika pa mayeso a Fomu 4 ali ndi wina, kapena alibe ndi mmodzi yemwe. Ndipo nthawi zina mlendo achoka mwadzidzidzi. Mu Malichi 2020, pamene mliri wa Covid-19 unabuka, Peace Corps inaitanitsa anthu ake onse, pafupifupi 7,000, kuchokera m'maiko onse kumene anali. Ambiri sanathe ngakhale kutsazika bwino.

Chachiwiri ati ambiri a iwo ndi anyamata ndi atsikana ongotuluka kumene ku koleji, osazolowera kuphunzitsa. Nanga bwanji tiwalandira ndi nthungululu, pamene zaka zina aphunzitsi athu otsiriza maphunziro ao akhala pakhomo kudikira kuti boma liwalembe ntchito?

Chachitatu ndicho cholemera koposa. Ati mwana akaona kuti mphunzitsi wochokera kunja ndiye alemekezedwa, ndiye adza ndi mabuku ndi mpira, akhoza kuphunzira phunziro loipa limene palibe anafuna kumphunzitsa: lakuti nzeru zidza pa ndege, ndipo kwathu kuno kulibe. Mwana wokhulupirira zotere, ngakhale akhoze mayeso, wapunduka mumtima.

Awonjezanso kuti umphawi wa mlendo ngwodzisankhira. Adya nsima ya usipa monga ife, inde, koma akadwala kwambiri galimoto lidza kudzamtenga, ndipo tikiti yobwerera kwao ali nayo. Mau awa ngoona, ndipo mlendo wachilungamo sawakana.

Manda a kwa Chembe

Kuti tiyankhe mau amenewa, tiyeni tipite kwa Chembe, kumene Azungu atcha Cape Maclear, kunsonga kwa dziko la Nankumba m'boma lomwe lino la Mangochi. Kumeneko kuli manda a mphunzitsi wodzipereka wa kale kwambiri, ndipo iyeyo sanali Mzungu.

Mu Okutobala 1875 sitima yotchedwa Ilala inalowa m'nyanja yathu kuchokera mu mtsinje wa Shire, itanyamula amishoni a ku Scotland. Mtsogoleri wao anali E. D. Young, ndipo pakati pao panali Dr Robert Laws. Mfumu Mponda inawalola kukhala, namanga pa Cape Maclear. Chaka chotsatira, 1876, Dr James Stewart, mkulu wa sukulu ya Lovedale ku South Africa, anafunsa ophunzira ake ngati alipo ofuna kupita ku nyanja yakutaliyo. Angapo anadzipereka, nasankhidwa anayi, onse a mtundu wa Axhosa: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili.

Wauchope anadwala, nabwerera kwao msanga. Ntintili anagwira ntchito zaka zingapo, nabwerera iyenso. Shadrach Mngunana ndiye anapatsidwa ana a sukulu ya pa Cape Maclear. Anali mlendo ndithu. Chiyankhulo sichinali chake, chakudya sichinali cha kwao, kutentha kwa kunyanja sanakuzolowere. Sanaphunzitse ngakhale chaka chathunthu, pakuti anamwalira mu 1877, naikidwa pomwepo. Ngati alipo mlendo amene anali mame, ndi ameneyu.

Malowo anali a malungo. Pofika 1881 amishoni anasamukira ku Bandawe, nasiya manda asanu. Munthu wa kuno amene anabatizidwa pa zaka zonsezo anali mmodzi yekha, dzina lake Albert Namalambe. Wowerenga ndi zala akadati ntchito yonse yapita pachabe. Komatu taonani chimene chinachitika. Alendo atachoka, Namalambe, amene anaphunzira pa sukulu yomweyo, ndiye anatsala kuyang'anira malowo ndi kuphunzitsa. Kuwerenga sikunakwere sitima pamodzi ndi alendo, popeza kunali kutalowa kale m'mutu mwa mwana wa dziko lino.

William Koyi anakhalitsa koposa anzake. Chiyankhulo cha kwao chinali chofanana ndi cha Angoni, kotero iye anatha kukhala pansi ndi mafumu a kwa M'mbelwa ndi kumvana nao pamene Azungu sakadatha. Anakhala pa Njuyu, namwalira komweko mu 1886. Ntchito imene inayamba pa Cape Maclear inakula ku Bandawe, nifika ku Khondowe mu 1894. Kuchokera kumeneko ana a dziko lino anayamba kupita kwa eni ake kukaphunzitsa. Mmodzi wa iwo anali David Kaunda, amene anapita ku Chinsali pakati pa Abemba cha m'ma 1904 ndi 1905, ndiye atate wake wa Kenneth Kaunda, pulezidenti woyamba wa Zambia. Potero ife amene tinalandira alendo tinasanduka alendo kwa ena.

Nkhani iyi sitiinena pofuna kukweza chipembedzo china pamwamba pa chinzake. Kunyanja kuno mashehe nawonso anayenda maulendo atali, ena kufikira ku Zanzibar, kukafuna nzeru ndi kudzaziphunzitsa kwao. Tiinena chifukwa itionetsa muyeso woyesera mphunzitsi aliyense wachilendo.

Muyeso Woona

Muyesowo ndi uwu: mlendo asayesedwe ndi zimene achita iye alipo, koma ndi zimene zichitikabe iye atachoka. Kalasi lokondwa pamene mlendo ali pa bolodi ndi chinthu chabwino, koma sichikwanira. Funsani patapita zaka zitatu. Kodi mabuku amene anasiya ali m'manja mwa ana, kapena ali m'chipinda chokhoma chimene kiyi wake anatayika? Kodi alipo mphunzitsi wa kuno amene aphunzitsa masamu bwino koposa kale chifukwa anagwira naye ntchito? Kodi alipo mtsikana amene anatsala pa sukulu, ndipo lero ang'ono ake amtsanzira?

Tikagwira muyeso uwu, tiona kuti kufupika kwa nthawi si ndiko mlandu waukulu. Mngunana sanathe chaka. Mlandu waukulu ndi wa mlendo amene achita zonse yekha. Iye ameta mudzi wonse ndi kalumo kake, anthu nayamika. Tsiku lochoka aika kalumo m'thumba, ndipo tsitsi limeranso. Mlendo wabwino akhala pansi ndi mwini mudzi, namsonyeza kanoledwe, kuti lumo la pakhomo lomwe lija likhale lakuthwa.

Inu amene mwaphunzira kuwerenga mutakula kale mudziwa bwino chinthu ichi. Amene anakuphunzitsani sali pambali panu tsopano pamene muwerenga tsamba lino. Kapena anasamuka, kapena simudzamuonanso. Koma kalata ya mwana wanu wa ku Joni muiwerenga nokha, ndipo pa chikalata cha ngongole simudindanso chala osadziwa zolembedwazo. Ntchito ya mphunzitsi aliyense, wa kuno kapena wa kutali, ikwanira pa tsiku limene wophunzira safunanso kumgwira dzanja.

Zoyenera Mlendo

Tsono mlendo wofuna kupambana pa muyeso umenewu achitenji?

Ayambe wakhala wophunzira. Akulu anati, "Safunsa anadya phula." Aphunzire moni wa Chiyao ndi wa Chinyanja, adziwe nyumba ya mfumu, apite ku maliro nakhale pansi pamodzi ndi anthu. Koyi anamveka kwa Angoni chifukwa anatha kuwamva iwo poyamba. Munthu amene sanafunse chifukwa chake mnyamata ajomba sangathe kumbweza m'kalasi.

Agwire ntchito pambali pa mphunzitsi wa kuno, asamlande malo. Akonzere limodzi maphunziro, ndipo pamene ana akhoza, ulemu augawe. Mnzakeyo adziwa makolo a mwana aliyense, adziwa mafunso amene akonda kubwera pa mayeso, ndipo adzakhalapo chaka chamawa.

Asayambe chinthu chimene mudzi sungathe kuchisenza. Makina amene palibe wodziwa kuwakonza asanduka chisa cha makoswe. Kagulu ka ana owerenga pansi pa mtengo wa mango, kamene mwana wa Fomu 3 akhoza kukatsogolera, kakhalitsa koposa.

Ndipo akabwerera kwao anene zoona. Masiku ano chithunzi cha mwana wosavala nsapato chifika kutsidya kwa nyanja zazikulu pa Facebook tsiku lomwelo. Mwana ameneyo ali ndi dzina, ali ndi amake, ndipo sanapemphe kuti umphawi wake ukhale chokometsera mbiri ya munthu wina. Mlendo anenenso za amene anamdyetsa, anamdwazika, namphunzitsa.

Zoyenera Eni Mudzi

Koma mtolo suli pa mlendo yekha. Ifenso tiri ndi mbali yathu, ndipo mwina ndiyo yaikulu.

Timlandire monga munthu, osati monga sitolo. Ngati aliyense wofika pakhomo pake adza ndi pempho la ndalama, iye atseka chitseko, ndipo chimene anadzera chitsekeredwa momwemo. Mayi amene amtengera mbale ya chinangwa, nakhala naye pa khonde, wathandiza sukulu koposa momwe aganizira.

Tisaope kumlangiza. Ulemu wathu nthawi zina utipweteka: tivomera ndi pakamwa chinthu chimene tidziwa kuti sichidzatheka, kuopa kumkhumudwitsa. Iye apita akuyesa kuti tagwirizana, ndipo chinthucho chifa. Ngati alankhula mothamanga, ana amuuze. Ngati waika msonkhano wa makolo Lachisanu masana, nthawi ya ku mzikiti, wina amuuze. Kubisa mau otere si ulemu iai.

Tiike munthu wathu pambali pake kuyambira tsiku loyamba. A komiti ya sukulu afunse kuti, "Ntchito iyi adzaipitiriza ndani?" Ngati yankho palibe, ntchitoyo idikire.

Potsiriza, tilemekeze aphunzitsi athu pamaso pa ana athu. Mu 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulaimale, ana a sukulu anachuluka kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Palibe dziko lakunja likadatha kutumiza alendo okwanira ana onsewo. Amene anaima patsogolo pao, pansi pa mitengo ndi m'zisakasa, anali ana a dziko lino zikwi zambiri, ochuluka a iwo asanaphunzire nkomwe za uphunzitsi. Mphunzitsi amene wakhala pa sukulu ya kumudzi zaka makumi awiri, m'nyumba yodontha, malipiro akuchedwa, wadzipereka iyenso, ngakhale palibe amtcha volontiya. Ngati tiphera mlendo nkhuku pomtsazika, uyunso timkumbukire. Mwana akaona makolo ake akulemekeza onse awiri, phunziro loipa lija lakuti nzeru zidza pa ndege silimera mwa iye.

Yankho Lathu

Kodi tsono munthu wodziwa kuti adzachoka angathe kuchita zabwino zokhalitsa? Angathe, ngati akumbukira tsiku ndi tsiku kuti adzachoka, nagwira ntchito yake mokonzekera tsikulo. Kudziwa kuti ndiwe mame si chinthu choipa. Choipa ndi kudziyesa mvula. Ndipo ife tingapindule naye, ngati tikumbukira kuti sukulu ndi yathu ndipo ana ndi athu. Mutu umodzi susenza denga, koma denga likakwera, ogona m'nyumbamo ndi kuifolera chaka ndi chaka ndi eni ake.

Chotero mukamva kuti ku sukulu ya kwanu kwafika mphunzitsi wachilendo, pitani mukampatse moni. Mumphunzitse mau awiri a chiyankhulo chanu. Ndipo mufunse mphunzitsi wamkulu dzina la mwana wa kuno amene adzayenda naye, pakuti ameneyo ndiye adzatsala ndi ana anu.